Mboni ya Sayirini

4 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

"Buku limalembedwa ndi munthu amene anangomva, koma mbiri ya moyo imatuluka m'kamwa mwa munthu amene analipo. Choncho mphunzitsi wa mawa ayambe wamva kwa amene analipo." Mawu amenewa ndi a koleji yathu ya aphunzitsi. Anawalemba ndi penti pakhoma la holo, alinso pachikuto cha kabuku ka phunziro, ndipo a Lekichala athu amawanena ataimirira, dzanja lili pachifuwa. Ndayamba nawo kuti mudziwe kuti zimene ndikupemphazi si zamasewera.

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko? Bondo la Bambo likuti bwanji? Nanga Amayi? Kusitolo kwanuko anthu akugulabe penti? Ine ndili bwino, kupatula kuti mnzanga wogona naye chipinda amaloweza notsi mokweza.

Nkhani ndi iyi. Pa phunziro la za kakhalidwe ka anthu, aliyense wa ife alembe mbiri ya moyo wa munthu wamba wa m'banja mwake, n'kuonetsa mmene angaphunzitsire ana ndi mbiriyo. Akuti ana amasinza tikamawauza zaka ndi malamulo, koma amadzuka akamva za munthu. Wolephera ntchito imeneyi sapita kukayesera kuphunzitsa teremu ya mawa, abwereza chaka. Inu mukudziwa kuti ine chaka china kuno sindingachipirire.

Ndasankha Bambo ndi sitalaka ya kufakitale ya sopo, ija anaiyambitsa ndi sayirini. Takhala tikuimva kuyambira tili m'matewera, nthawi yakwana yoti itidyetse. Ndinayesa kuwaimbira foni, anandiyankha kuti moyo wawo sungakwane m'mayunitsi anga, n'kudula. Ndiye muwapemphe alembe okha.

Pali lamulo linanso: mbiri iliyonse ikhale ndi mboni yachiwiri, munthu wina amene analiponso, afotokoze payekha zimene anaona. Apa palibe vuto, poti Amayi ankalongedza sopo m'fakitale yomweyo. Tsamba limodzi likwana. Zonse zifike Malichi asanathe.

Mng'ono wanu,
Chitsiriza

12 Febuluwale

Chitsiriza,

Moni wako wafika. Tonse tili moyo. Bondo la Bambo linkapweteka mpaka tsiku limene kalata yako inabwera. Kuchokera pamenepo akuyenda ngati msilikali.

Ndinawawerengera titangomaliza kudya. Pofika pa mawu akuti "munthu wamba" anakwinya nkhope, koma atamva kuti ikawerengedwa ku koleji anakukhululukira. M'mawa mwake anandituma kope latsopano ndi mabolopeni awiri, kuopa kuti imodzi ingathere pakati pa ubwana wawo. Tebulo lodyera alilanda, ife tikudyera pamiyendo. Wayilesi siikuloledwa kulira. Aneba atabwera kudzabwereka machesi anauzidwa kuti abwerenso mbiri ikatha.

Ndikuchenjeze monga wogulitsa penti. Khoma likamapakidwa chaka ndi chaka, umafika posadziwanso kuti njerwa ili pati. Ine ndili ku pulayimale, anthu amene anatuluka m'fakitale tsiku limenelo anali mazana awiri. Iwe pomabadwa anali atakwana chikwi. Dzulo ndinamva Bambo akuuza wometa tsitsi kuti mpanda unagwa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Fakitale ija ndinaiona isanagwetsedwe. Anthu chikwi akanalowamo pokhapokha atawalongedza ngati sopo.

Za Amayi. Ndinawauza ali mkati mosita. Anati, "Ine zimenezo ayi." Ndinati ndi tsamba limodzi lokha. Anati, "Ngakhale mzere." Bambo ali kutebulo anafuula kuti, "Asiyeni, olongedza sankaona kunja!" Amayi anangosita kolala ya shati ya Bambo mpaka inayamba kununkha.

Usade nkhawa, ndiwanyengerera. Koma ukudziwa wekha kuti Amayi msinkhu wawo umathera pathumba la shati ya Bambo, komabe akaponda pansi sasuntha.

Utiuze ngati bulangeti lija likukwanira.

Mkulu wako

15 Febuluwale

Mwana wanga wokondedwa, mphunzitsi wa mawa,

Ndikupatsa moni m'dzina la banja lonse, limene mutu wake ndine. Ndikhulupirira ukudya bwino ndi kulemekeza akuluakulu. Kope lathunthu likubwera pambuyo. Pano ndakutumizira mtima wa nkhani, kuti a Lekichala ako alaweko.

Uwauze kuti ine sindinali wolongedza kapena wosesa. Ndinali woliza sayirini. Kachipinda kanga kanali pamwamba, kokwerera masitepe achitsulo, ndipo sayiriniyo inali yopukusa ndi dzanja, chopukusira chake chili m'mwamba pakhoma. Anandisankha chifukwa cha msinkhu. Si pachabe ankanditcha Mlongoti. Ine ndikapukusa m'mawa, anthu ankalowa. Ndikapukusa masana, ankadya. Ndikapukusa madzulo, ankapita kwa akazi awo. Bwana mwiniwake ankakonza wotchi yake pomvera ine.

Chaka chimenecho anatidula malipiro n'kuchotsa mipando yonse, akuti munthu wokhala pansi amaganiza zambiri. Anthu ankang'ung'udza, koma panalibe mwamuna woyamba. Ankangonong'onezana kuti tsiku limene sayirini idzalire pa nthawi yosakhala yake, tonse tidzatuluke. Aliyense ankandiyang'ana. Ine ndinkayang'ana kutsogolo.

Tsikulo, dzuwa lisanafike pamutu, nthawi ya chakudya ikadali kutali, ndinavula jekete. Ndinati mumtima, "Mlongoti, ana ako adzadya chiyani, sopo?" Ndinapukusa. Mwana wanga, mbalame zinathawa m'mitengo. Makina anaima. Anthu anatuluka ngati madzi osefukira. Alonda anakwera masitepe, ine dzanja limodzi ndikupukusa, linalo ndikuwakankha. Wachitatu ndiye anandipeza ndi chibonga pakamwa. Gweru limene umaliona ndikamaseka si la shuga ayi, ndi la ufulu.

Mipando inabwerera, malipiro anabwerera. Ine ndekha ndiye sindinabwerere. Anandichotsa ntchito sabata yomweyo. Sindidandaula. Sopo amayeretsa ena iye akutha.

Mawu akuti "wamba" uwachotse.

Ine bambo wako

24 Febuluwale

Achemwali,

Moni nonse. Bulangeti likukwanira, zikomo. Kope la Bambo lafika. Masamba oyambirira onse ndi a mvula imene inagwa tsiku limene anabadwa, koma polowera ndapaona.

Achemwali, zikuyenda! A Lekichala anawerenga kalata ya Bambo pamaso pa kalasi yonse. Pofika pa gweru la ufulu anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati apa pali chilichonse chimene silabasi imafuna: ntchito, ufulu wa antchito, mgwirizano ndi nzika yolimba mtima. Anatigawa m'magulu kuti tiyesere kasewero koti n'kudzachita ndi ana. Anyamata anayi anakanganirana kukhala Bambo, ndipo palibe amene anafuna kukhala mlonda wachitatu. Anzanga nsanje yawagwira. Wa m'chipinda uja analemba za azakhali ake amene agulitsa nsapato pamsika moyo wawo wonse, ndipo chachikulu chimene chinawachitikira n'chakuti tsiku lina anagulitsa ziwiri za kumanzere.

A Lekichala akufuna Bambo abwere adzalankhule kuholo kumapeto kwa Malichi, tsiku lopereka ntchito. Koma anandikumbutsa kuti popanda mboni yachiwiri pepala langa salilandira, likome bwanji. Akuti mbiri ya mwendo umodzi siima.

Kodi Amayi chawavuta n'chiyani? Ayambana ndi Bambo? Kapena akhumudwa kuti sindinasankhe iwo? Muwafotokozere bwinobwino kuti si kuwanyoza, kungoti kulongedza sopo m'mabokosi n'kovuta kukupangira sewero. Chaka cha mawa kuli phunziro la za m'banja, ndidzalemba za iwo. Zimenezi muwauze mwaulemu.

Mng'ono wanu,
Chitsiriza

3 Malichi

Chitsiriza,

Tili bwino, ngakhale nyumba yasanduka khoti.

Uthenga wako ndinawauza Amayi mwaulemu monga unanenera. Anati, "Phunziro la za m'banja. Chabwino." Kenako anapita kukatsuka mapoto otsuka kale.

Bambo atamva za kuholo anati mkazi akakana umboni dziko silitha, amuna alipo. Loweruka anaitana awiri: a Kapitawo, aja ankayang'anira antchito kufakitale, pano akuyendera ndodo, ndi a Telala a pakona. Ine ndinakhala pakhonde ndi kope ngati kalaliki.

A Kapitawo anayamba bwino. Anati sayirini inaliradi nthawi isanakwane. Kenako anati, "Koma a Mlongoti sakanayamba okha. Ndine ndinawatsinzinira."

Bambo anati, "Munanditsinzinira bwanji, ine ndili pamwamba inu muli pansi?"

"Ndinatsinzina mokweza."

Bambo anawakumbutsa kuti iwowo ndi amene ananyamula mipando kukaitsekera mosungira katundu. A Kapitawo anati ankaisunga kuti isabedwe.

A Telala sanagwirepo ntchito kufakitale, koma akuti ndiwo anasoka mbendera imene anthu anaguba nayo. Bambo anati kunalibe mbendera. A Telala anati, "Inalipo, koma eni ake sanabwere kudzaitenga. Ikadali m'kabati mwanga." Atatero anayamba kuwayeza Bambo m'mapewa ndi maso, n'kunena kuti munthu sangakalankhule kuholo atavala jekete la kumaliro. Pofika madzulo tinali ndi atsogoleri atatu a sitalaka imodzi, ndi oda ya suti.

Amayi anabweretsa tiyi n'kuima pakhomo, kumvetsera. A Kapitawo anati, "Mlamu, inu simunaone kanthu, munali mkati ndi azimayi anzanu." Amayi anati, "Shuga ndi uyo," n'kulowa.

Ndakutumizira maumboni onse awiri, usankhe wekha. Ine ndikanakhala a Lekichala ndikanalandira wa a Telala, poti wokhawo uli ndi nsalu yoti munthu n'kuigwira.

Mkulu wako

11 Malichi

Amayi anga,

Moni Amayi. Iyi ndalembera inu nokha. Ndikudziwa magalasi anu anasweka, Achemwali angokuwerengerani.

A Lekichala akana maumboni onse awiri. Pa wa a Kapitawo anati munthu wodziika pakati pa nkhani si mboni, ndi wolimbirana. Pa wa a Telala anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasiya kuseka n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti masiku akutha. Anzanga onse mboni zawo zalandiridwa, ndipo apatsidwa kale masukulu okayeserako. Ine ndekha ndiye sindikudziwa kolowera.

Amayi, sindikupempha kuti muwatamande Bambo. Ngati mwayambana, ndi za inu awiri. Ndikungopempha zimene maso anu anaona tsiku limenelo, zichepe bwanji, ngakhale mungoti munamva kulira muli kolongedza. Mukakana ndibwereza chaka, ndipo ana amene ndikanawaphunzitsa ine akaphunzitsidwa za nsapato ziwiri za kumanzere.

Zija ndinanena za mabokosi, ndinalakwitsa kanenedwe. Pepani.

Mwana wanu

18 Malichi

Mwanawe,

Ndamva. Usalire, maso ndi ogwirira ntchito. Mkulu wako akulemba, ine ndikunena, ndipo ndamuuza kuti asathiremo mchere.

Linali Lachinayi. Kunkatentha. Chichotsereni mipando tinkagwira ntchito chiimire, ndipo m'mawa umenewo mayi wina wa pambali panga, wodwala miyendo, anagwa pansi. Kapitawo anati timukokere pambali asatseke njira ya mabokosi. Ndi yemwe uja anamwa tiyi wanga.

Masitepe opita kusayirini anali achitsulo, ndipo sitepe imodzi inali yogwedera, yofunika kuidumpha. Kachipindako kankanunkha girisi ndi fodya. Chopukusira chinali m'mwamba, ndiye wopukusayo anakoka bokosi la sopo lopanda kanthu n'kukwerapo. Poyamba chinalimba, chinafuna manja awiri. Chitayamba kuzungulira chinkapita chokha, ndipo phokoso lake linkamveka m'mano. Pawindo pankaoneka bwalo lonse. Kwa kanthawi sipanatuluke munthu, moti wopukusayo anaganiza kuti wadziphera yekha pachabe. Kenako chitseko cha kolongedza chinatseguka. Anayamba ndi azimayi, atanyamula mnzawo uja. Amuna anatsatira ataona kuti palibe wamenyedwa. Kapitawo anagwetsa kapu yake ya tiyi. Alonda sanakwere, anali pageti, akutsutsana kuti atseke kapena atsegule.

Anthu analipo oti n'kudzaza mabasi atatu. Mpanda sunagwe. Mbendera kunalibe.

Bambo ako anachotsedwa ntchito, zimenezo n'zoona, ndipo mabwana powafunsa sanatchule dzina la munthu wina aliyense. Chimenechi ulembe ndi zilembo zazikulu.

Basi. Uzidya.

Mayi ako

Ine mkulu wako ndiwonjezere pansi pano. Ndalemba monga ananenera, mchere sindinathire. Bambo ndinawawerengera. Anamvetsera ali chete mpaka kumapeto, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire, kenako anati, "Mayi ako amakumbukira bwino," n'kupita kukayesa suti. Ine funso langa ndi limodzi, ndipo ndalisunga kaye: munthu amene amasintha babu osakwera pampando, bokosi ankalifuniranji?

23 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Ndikukudziwitsa kuti ndifika Lachisanu pa basi ya m'mawa. Udzandichingamire wekha, osatuma mnzako wa nsapato uja. Uwauze a koleji kuti maikolofoni sindifuna. Munthu amene analamulapo fakitale safuna waya. Madzi akumwa akhalepo, ndi tebulo lolimba loti n'kumenyapo. A Kapitawo akufuna kubwera nawo. Ndawauza kuti basi yadzaza kale.

Suti yatha. A Telala akuti ndikatchule dzina lawo pamaso pa anthu, ndawayankha kuti mbiri si chikwangwani cha shopu.

Ndinapempha mayi ako kuti tipitire limodzi akakhale kutsogolo. Akana. Akuti holo imodzi singakwane anthu awiri okumbukira.

Umboni wawo ndaumva. Pa za alonda tasiyana pang'ono, koma iwe usakonze kanthu. Liwu lililonse likhale mmene alinenera. Mayi ako sanapite patali ndi sukulu, koma chiwadziwireni sindinawamvepo akuwonjezera kanthu pa nkhani. Pakhomo pano timathandizana choncho: iwo amasunga, ine ndimagawa.

Ine bambo wako

31 Malichi

Achemwali!

Moni, moni. Ndakhoza! Ndikupita kukayesera, sukulu andipatsa kale. Bambo ndawakweza basi m'mawa uno. Akafika ndi nkhani zawo, koma imvani zanga kaye.

Umboni wa Amayi a Lekichala anaukonda kwabasi. Anati kusiyana kwa apa ndi apo, za alonda ndi chiwerengero cha anthu, ndiko kukusonyeza kuti mboni sizinapangane. Anadabwa kuti Amayi akudziwa ngakhale sitepe yogwedera, n'kuuza kalasi kuti umu ndi mmene mwamuna ndi mkazi ayenera kumauzirana zinthu.

Holo inadzaza. Suti ya a Telala mkono umodzi ndi wautali, koma Bambo ankaukweza m'mwamba nthawi zonse ndiye sizinaoneke. Anapukusa sayirini ya m'malere, ophunzira n'kumalira m'malo mwake. Alonda anakwana asanu ndi awiri. Kenako anayasamula n'kuyenda mzere ndi mzere kuonetsa gweru, mpaka a Pulinsipolo anatukula khosi kuti aone bwino. Mtsikana wina wa chaka choyamba anafunsa kuti, "Agogo, munkamva bwanji muli pamwamba paja nokhanokha?" Bambo anayankha kuti, "Ameneyo anali munthu wolimba mtima kwambiri." Anthu anaombera m'manja kudzichepetsa kwawo.

Pepala langa aliika m'kabuku ka koleji kuti obwera m'mbuyo aziphunzirirapo. Pofupikitsa ndachotsa mvula ya Bambo ndi tina ting'onoting'ono ta Amayi, monga mayi wodwala miyendo ndi bokosi lija. Bambo anati ndisakonze kanthu, koma a Lekichala anati bokosi silikuthandiza nkhani, ndiponso likusokoneza chithunzi cha munthu wamtali. Funso lanu lija sindinalimvetse. Mwina chopukusiracho chinali m'mwamba kwambiri.

Muwathokoze Amayi. Malipiro anga oyamba ndi a magalasi awo.

Mng'ono wanu,
Chitsiriza

8 Epulo

Chitsiriza,

Moni, aphunzitsi. Tonse takondwa. Bambo anafika bwino, ndipo suti sanaivule mpaka Lamlungu. Kalata yothokoza yochokera ku koleji aipachika pabalaza, pamwamba pa wotchi, pomwe enafe tiyenera kupinda khosi kuti tiione.

Masiku amene Bambo anali kwanuko nyumba inali zii, ndiye ndinafunsa funso langa lija. Amayi anali akusita. Sanatembenuke.

"Unkafuna ndifikire bwanji?" anatero.

Ndinati, "Ndiye munali inu?"

"Ndi iwe yemwe. Unali m'mimba, ukundimenya mateche."

Akuti m'mawa umenewo Bambo anawasiyira kiyi wa kachipinda, kuti masana akakwana akapukuse m'malo mwawo, bwana asadziwe kuti mwini ntchito palibe. Amayi sanadikire masana. Atamukokera pambali mayi wodwala miyendo uja, anavula epuloni n'kukwera. Ndinafunsa ngati anasokoneza nthawi. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Wotchi inali pakhoma. Ndinkaiona."

Mawa lake mabwana anaitana mwini sayirini. Bambo akanangonena kumene anali, ntchito ikanakhala yawo, Amayi n'kuchotsedwa ali ndi pakati. Analowa muofesi tsaya lili lotupa n'kunena kuti, "Ndine." Anabwerezanso kwa anzawo, kwa aneba, kwa wometa tsitsi, mpaka nkhaniyo inawakwana ngati nsapato yakale. Amayi anapitiriza kulongedza zaka zonse zija Bambo ankasaka maganyu. Sopo ameneyo ndiye anatiphunzitsa ine ndi iwe.

Ndinati, "Nanga osanena bwanji zaka zonsezi?"

"Iwo anataya ntchito, ine ndinatsala nayo. Ndiwalandenso nkhani? Atsale ndi chiyani?" Anatembenuza shati. "Koma kunama pa pepala la mwana, ayi. N'chifukwa chake ndinkakana."

Kalata yako ndawawerengera. Za alonda asanu ndi awiri anaseka. Za yankho la Bambo kwa mtsikana uja anati ndibwereze. Ndinabwereza, ndipo anapita kukayang'ana kanthu kukhitchini. Uthenga wawo kwa iwe ndi uwu: ana ukawaphunzitse mmene ukufunira, dzina la Bambo usalichotse, koma mayi wodwala miyendo ndi bokosi ubwezeremo. Akuti m'kalasi simulephera kupezeka kamwana kamodzi kofunsa.

Pamene ndikulemba pano, Bambo atsitsa kalata ya koleji ndipo ali pakhonde akuwawerengera a Kapitawo ndi a Telala. Ikuti banja lathu latsimikizira mfundo ya koleji, yakuti mbiri ya moyo imatuluka m'kamwa mwa munthu amene analipo.

Mkulu wako

Ndiwonjezere ichi: Amayi akuti tsiku la sitalaka, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, Bambo anali pabenchi ya kuchipatala cha mano, kudikira kuzulitsa dzino.